Nungu ndi Chigayo cha Njovu

Kalekale, nyama zikadayankhula, Njovu anagula chigayo cha injini. Chinali chodula, anzanga: anagulitsa minyanga ya malemu atate ake kuti achipeze. Wogayitsa anali Nungu.

Njovu anati, "Iwe Nungu, chikawonongeka usachikhudze. Tizidikira makaniko wa kutauni."

Koma makanikoyo ankatenga mwezi kuti afike.

Tsiku lina lamba anaduka. Amayi a nyama anangokhala panja ndi matumba awo, ana akulira njala. Nungu anapita kwa Nsato, napempha khungu limene anafundula. Analipota, nalimanga. Chigayo chinalira.

Njovu anabwera. "Wachikhudza ndani?"

"Ndine, bwana. Ana adya."

Tsiku lina sefa anang'ambika. Nungu anatola chitini chakale, nachiphwathalitsa ndi mwala, nachiboola timabowo ndi munga wake. Ufa unatuluka wosalala.

"Wachikhudza ndani?"

"Ndine, bwana. Ana adya."

Kachitatu kunathyoka kachitsulo kogwira gudumu. Nungu anafunafuna pabwalo ponse, osapeza kanthu. Anazula munga wake waukulu wa pamsana, magazi akuchucha, naukhomera pamenepo. Gudumu linazungulira.

Njovu ataona, anakwiya. "Chigayo changa wachisandutsa dzala! Choka pano, usadzabwerenso."

Nungu sanagwade. Anati, "Ndichoka, bwana. Injini ndi yanu, sinditenga. Koma mungawu unamera pamsana panga." Anauzula pagudumupo, napita.

Chigayo chinatsokomola, n'kukhala chete.

Makaniko anafika. Anali Fisi, wonyamula bokosi la masipanala onyezimira. Anamasula apa, anamasula apo, nati kachitsulo kothyokako kufakitale sakukapanganso. Anadya nkhomaliro, nabwerera kwawo.

Nyama zinaunjika matumba pakhomo pa Njovu. "Munatiuza titaye mitondo. Sinjani ndinu."

Njovu anasinja ndi mapazi, anasinja, anasinja, mpaka mapazi anatupa. Tsiku lachitatu anatsimphina kukafika kuuna wa Nungu.

"Odi, a Nungu."

"Lero ndakhala a Nungu?"

"Bwererani ku ntchito."

"Ndibwerera. Koma pokonza, inu muzindigwirira zida, ndipo pakamwa muzitseka."

Njovu anayang'ana mapazi ake. Anavomera.

M'mawa mwake nyama zonse zinaona Njovu ataima pambali, chitini cha zida kuchitamba, Nungu akumuuza kuti, "Sendezani kuno."

Mwamva, anzanga: ungakhale mwini chinthu, usanyoze manja amene amachidziwa. Nthano yanga yafika pamathero, ndaitula pompa.