Makina Amene Anaphunzitsidwa Kukhala Chete

Panali mnyamata wina waluso la manja, dzina lake Filimoni, amene ankapanga loboti yofufuza mabomba okwirira pansi. Kanali kamakina kofanana ndi wilibala, koyenda kokha pa matayala anayi. Kakamva chitsulo m'nthaka kankalira, n'kudonthezera penti wofiira pamalopo kuti odziwa kufukula abwere.

Chaka chilichonse kunkachitika mpikisano wa makina oterewa. Okonza mpikisano ankakwirira mabomba abodza m'bwalo lamchenga, n'kumwazamonso misomali ndi zitsekerero za mabotolo. Makina akapeza bomba ankapatsidwa mapointi. Akalirira msomali, mapointi ankachotsedwa.

Tsono loboti ya Filimoni inali yamantha. Msomali inkalira, kawaya inkalira, ndipo anzake anaipatsa dzina loti Kalirelire. Filimoni ankabwerako chimanjamanja, mtima ukuwawa. Atatopa ndi kusekedwa, anazindikira kuti mabomba abodza onse a m'bwalo muja anali a chitsulo chochindikala. Anatsegula makina ake, n'kupotokola kasikuluwu kamodzi kochepetsa kumva. Sanabe. Malamulo sankaletsa. Chaka chimenecho Kalirelire anadutsa misomali yonse ali duu, napeza mabomba onse, ndipo Filimoni ananyamula chikho.

Mnyamatayu anali ndi mchemwali wake wamkulu, Esinati, amene anakwatiwa kutsidya kwa malire, kudera kumene kunadutsa nkhondo kalekale. Kuseri kwa nyumba yake kunali munda wachonde wozunguliridwa ndi miyala yopaka penti wofiira. Palibe anaponyamo khasu chiphulikireni ng'ombe ya apongozi ake m'menemo. Esinati ankalima kamtunda kamiyala, chakudya n'kumatha mvula isanagwe. Atamva za chikho anatumiza uthenga: bwerani, mudzanditsegulire munda.

Filimoni anapita. Gulu lochotsa mabomba limene linkagwira ntchito m'deralo linavomera kuyesa makina opambanawo. Loboti inalowa m'munda, inapita uko, inabwerera kuno, mzere ndi mzere, osalira ngakhale kamodzi. Anthu anaomba m'manja, amayi nthungululu.

Koma gululo linali ndi mwambo wake. Amene wanena kuti munda ndi woyera ndiye ankayamba kuudutsa ndi mapazi ake, kuchokera mbali iyi mpaka inayo, mwini munda asanaponde.

Mkulu wa gulu anati, “Bambo, makina ndi anu. Tsogolani.”

Filimoni anaima pamiyala yofiira ija. Ankadziwa chimene wina aliyense pamenepo sankachidziwa. Mabomba ambiri a nkhondo ija anali apulasitiki, ndipo kachitsulo ka m'kati mwake sikankaposa msomali, chinthu chenichenicho chimene iye anaphunzitsa makina ake kunyalanyaza. Anachidziwa asananyamuke kwawo, koma munthu wachikho anganene bwanji zimenezo? Anawerama, namasula chingwe cha nsapato, nachimanganso.

Esinati anaseka. “Achimwene, mwazolowera simenti ya m'tauni eti? Mukuopa chisoso? Patukani ndidutse ine, mvula ili pafupi.”

Anakoleka khasu paphewa, mwana ali kumbuyo, n'kulumpha mwala wofiira. Phazi lake linatera m'munda.

Filimoni anamugwira mkono mwamphamvu. “Achemwali, bwererani. Makinawa ndinawagonthetsa ndine.”

Anagwada pamaso pa mudzi wonse, natsegula loboti ija, n'kubwezera kasikuluwu pamalo pake. Kalirelire analowanso m'munda n'kuyamba kulira. Anthu a gulu lija anafukula, unali msomali. Analiranso, chinali chibenthu cha khasu. Anthu ena anayamba kung'ung'udza kuti atayitsidwa nthawi. Kenaka analira patsogolo pang'ono pa chidindo cha phazi la Esinati, molunjika mtengo wa mango umene iye ankapitako. Odziwa ntchito anauza anthu kuti afutukire kutali, nagona chafufumimba, napalasa dothi pang'onopang'ono. Munatuluka kanthu kobiriwira, kozungulira ngati chitini cha polishi.

Esinati anakhala pansi. Anamasula mwana uja kumbuyo, namufungatira pachifuwa.

Chaka chimenecho sanadzale m'mundamo. Ntchito inatenga dzinja lonse, chifukwa makina ankaima pa msomali uliwonse, ndipo njala inawapwetekanso. Kwa nthawi yaitali Esinati sankafuna kumva dzina la mchimwene wake. Koma tsiku lotsegula munda litafika, Filimoni anaudutsa yekha mpaka kumapeto, ndipo chaka chotsatira mwana uja anaphunzira kuyenda pakati pa mizere ya chimanga.

Tsono inu ophunzira anga, mawa mukunyamula makina anu kupita kumpikisano. Chikho ndikuchifuna, sindinama, pashelefu ya sukulu ino pali fumbi lokhalokha. Koma ndakuonani sabata yonseyi mukukangana za kuchepetsa kumva kwa makina kuti musataye mapointi, ndipo zandimvetsa chisoni. Oweruza a mawa akhala pamthunzi, ndipo loboti yanu ikaphonya angopukusa mutu. Woweruza weniweni adzabwera pambuyo pawo, wopanda nsapato, khasu paphewa, mwana kumbuyo. Iyeyo sadzayang'ana pansi, chifukwa inu mudzakhala mutamuuza kuti ndi poyera. Musanakhudze kasikuluwu kaja, dzifunseni ngati mungalole mchemwali wanu kuyenda pambuyo pa makina amenewo. Ngati mtima wakana, asiyeni alire.