Chingwe Sichicheuka

Senderani kuno ana inu, pakuti nkhani iyi ine ndimaidziwa kuposa ng'ona zonse za m'nyanjamu.

Kale ku Nkhotakota kunali munthu wina dzina lake Kamtedza, mwini ngalawa ya thanga. Thangalo linali lalikulu moti akalitambasula, nkhuku zakumtunda zinkalowa m'khola poyesa kwada. Ankanyamula mpunga kupita nawo kumpoto motsata gombe, ndipo ulendo uliwonse ankatenga mlamu wake Lifa. Kamtedza akapita kutsogolo kukakonza thanga, Lifa ankagwira chiwongolero kumbuyo, maso ali pa mlamu wakeyo.

Tsiku lina anyamata osoka maukonde padoko anayamba chipongwe. Ankati Kamtedza ndi khanda landevu, sangayende pamadzi popanda mlezi. Lifa anangoseka nawo, koma ataona nkhope ya mlamu wake anadziwa kuti munga walowa.

M'mawa mwake Lifa anafika ndi kaphukusi kake, n'kupeza Kamtedza akumanga chiwongolero ndi chingwe uku ndi uku, kuti ngalawa iziyenda mowongoka yokha.

"Alamu, bwererani mukalime," anatero Kamtedza. "Ndapeza mlamu wina uyu. Sadya, saliza mkonono, sapempha fodya."

"Nanga maso ali nawo, alamu?" anafunsa Lifa.

Kamtedza anaseka n'kukankha ngalawa. Lifa analowa m'madzi mpaka m'chiuno akumuchonderera kuti asatalikire gombe, kuti mphepo ya mwera ikayamba atsitse thanga msanga, ndiponso kuti chingwe chinacho adzimangirire nacho yekha kungalawa. Koma mphepo inali itamutenga kale Kamtedza.

Patapita masiku, dzuwa lili paliwombo, ana anafuula kuti thanga laoneka. Nachisale, mkazi wa Kamtedza, amene anali mlongo wake wa Lifa, anathamangira kudoko akululuta. Ngalawa inkabwera mowongoka ngati muvi, ndipo anyamata aja anayamba kutama kuti ameneyu ndiye mwamuna. Lifa yekha ndiye anakayika. Mchenga wayandikira chonchi, thanga silikutsika bwanji?

Ngalawa inagunda gombe n'kulima mchenga mpaka patsinde pa mtengo wa mango. Munalibe munthu. Katundu anali bwinobwino, chinangwa chakamba chitalumidwa theka, chiwongolero chili chomangidwabe. Kutsogolo, chingwe chimodzi cha thanga chinali chitaduka, chikulendewera.

Lifa anaona zonse ngati analipo. Mlamu wake anapita kukalumikiza chingwecho, phazi linaterereka, nagwera m'madzi. Nyanja inalibe ukali tsikulo, ndipo Kamtedza ankasambira kuposa chambo. Kufuula anafuula ndithu. Koma ngalawa inangopitirira monga anailamulira mwini wake, pakuti chingwe sichicheuka.

Anamufunafuna ndi mabwato onse a padokopo, osamupeza. Kumanda anakaika thunthu la nthochi m'malo mwa mtembo. Anyamata aja atabwera kudzapepesa, mitu ili pansi, Lifa sanawakalipire.

"Munkati ndine mlezi," anatero motsitsa mawu. "Ntchito yanga inali yaing'ono, kuona munthu akagwa n'kubweza ngalawa. Kuyenda awiri si mantha."

Mawu amenewo ndi amene mukuwamva mpaka lero: kuyenda awiri si mantha. Mnzako paulendo sakuchotsera umuna. Ukhoza kukhala ndi mphamvu zonse, luso lonse, koma tsiku limene udzaterereke padzafunika wina wokhala ndi maso, woti acheuke. Okuseka padoko sadzakhalapo pakati panyanja.