Mawotchi a Nsato

Kalekale, ana inu, talikirani motowo kaye, kalekale kunali Nsato wina wokonda mawotchi. Si mawotchi a mabatire awa a pamsika ayi. Ake anali opota ndi zala, okhala ndi timagudumu m'kati, togunda ngati mtima wa mwanapiye. Anthu apaulendo akavula kuti asambe pamtsinje, Nsato ankakwawa mwakachetechete, wotchi ija zii! Anali nawo asanu ndi awiri. Poti njoka ilibe mkono, ankawavala m'thupi, kuyambira pamimba mpaka kumchira.

Kuwakonda ankawakondadi. Ankawapukuta ndi lilime, n'kudzipinda kuti amve kugunda kwake, tiki-tiki, tiki-tiki. Nkhani ikakhala ya mawotchi, ankatha kuiwala njala.

Koma Nsato analibe zala. Wopota mawotchiwo m'mawa uliwonse, ndiponso womanga malamba ake, anali Gologolo, mayi wa ana atatu, amene ankakhala m'mphako ya mtengo wa mbawa. Nsato ankagona patsinde pa mtengo womwewo. Anawo anali makanda, osatha n'kudumpha komwe. Gologolo sankapita kutali. Akatola mtedza umodzi, abwerera kukasuzumira. Akatola wina, abwereranso.

Chilimwe chitafika, tchire linapsa, mbewa zinasowa. M'mawa wina Gologolo akupota, Nsato anayang'ana kumtunda.

"Iwe mayi, ana ako aja anenepatu."

"Ndi ubweya chabe, bambo. M'katimo ndi mafupa okhaokha."

"Ana atatu ndi chintchito. Taona mmene waondera. Lero pa thwelofu ndikuthandiza mmodzi."

"Mukatero, ine kupota ndasiya!"

"Ukasiya, ndikuthandiza onse atatu."

Gologolo anayang'ana kumphako kuli ana. Athawe nawo? Pakamwa m'pamodzi, ana atatu, njira yotsikira ndi yomweyo ya patsinde. Abweze mivi ya mawotchi m'mbuyo? Nsato akanayang'ana mthunzi n'kudziwa. Anapota wachinayi, anapota wachisanu. Atafika kumchira anaima. Kumeneko kunali wotchi yagolide, yokhala ndi galasi kumbuyo, yoti ukaitembenuza umaona timiyala tofiira ndi kagudumu kakuvina. Imeneyi Nsato ankaitcha Mkazi Wamkulu.

"Bambo, ndinene kanthu? Mwina si malo anga."

"Nena msanga, nthawi ikupita."

"Mkazi Wamkulu angamakhale kumchira, kofumbi, kumene simumumva n'komwe? Dzulo Ng'azi amaseka. Akuti a Nsato mawotchi ali nawo, koma kavalidwe sakadziwa."

Nsato anadzuka dzambatu. "Ng'azi? Wosadziwa muvi waufupi ndi wautali uja? Nanga odziwa amavala pati?"

"Pakhosi, bambo. Pamene aliyense akupatsani moni aione."

"Bweretsa!"

Gologolo anamasula wotchi ija, anaipukuta ndi mchira, anaikoleka pakhosi pa Nsato. Anakoka lamba, kabowo koyamba. Anakokanso, kachiwiri.

"Sikuthina?" anafunsa Nsato.

"Yamtengo wapatali sikhwepa, ingagwe pamwalapa." Anakokanso, kachitatu, n'kulowetsa kachitsulo, kwe!

Tiki-tiki, tiki-tiki, pansi pa chibwano penipeni. Nsato anatsinzina. "Tamvera, mayi. Zaka zonsezi ndimamva za kutali."

Dzuwa linafika paliwombo, mivi inakumana pa thwelofu. Nsato anayamba kukwera mtengo. Gologolo anamutsekera kutsogolo atanyamula dzira la nkhanga, limene anakalitola m'thengo.

"Wovala golide sayambira pa nyama, bambo. Tsukulani kaye kukhosi."

Nsato anati dzira lija mezu! Linatsika, linatsika, linafika pa lamba, linaima nji. Anakankha. Lamba linalira, kwiii. Anakankhanso. Ulusi umodzi unaduka, thu! Wotchi inapendekeka, pansi pali mwala ukudikira.

Nsato anauma. Akameza mwamphamvu, dzira lidutsa, mwana wa gologolo adutsanso, koma Mkazi Wamkulu akaswekera pamwala. Anayang'ana mphako. Anayang'ana mwala. Misozi inalengeza. Kenaka anatsika pang'onopang'ono ngati wasenza madzi, n'kulavula dzira lija.

"Masula," anatero ndi mawu opyapyala.

"Zala zikunjenjemera, bambo. Mayi akaopsezedwa ana, zala sizigwira."

"Ndikuphwanya mafupa iwe!"

"Phwanyani. Mukatha mukaitane Ng'azi adzamasule ndi zikhadabo zake zija. Galasilo alikanda bwino."

Nsato anagoneka mutu pansi. Wotchi inkagundabe pakhosi. Gologolo anamumvera chisoni ndithu, poti njala si mlandu, ndipo nthiti za mkuluyo zinkawerengeka.

"Timvane chonchi," anatero. "Mukafuna kudya, tiziwoloka mtsinje. Kutsidya ndikumasulani, Mkazi Wamkulu ndibwera naye kuno, ndizimupota, ndizimupukuta. Mimba ikaphwa mundiitane, ndidzakumangeni kutsidya komweko. Pansi pa mtengo uno muzifika mutavala."

"Ukakandigwetsera wotchiyo m'madzi?"

"Ndimanyamula ana pakamwa, bambo. Sindinagwetsepo."

Anawoloka tsiku lomwelo. Ndipo poti kuvula wotchi kunkamuwawa mtima kuposa njala, Nsato anayamba kudya mwa apo ndi apo. N'chifukwa chake mpaka lero nsato ikadya kamodzi imatha masabata osadyanso. Ana a Gologolo anakula onse atatu, akumva tiki-tiki patsinde, ndipo mayi wawo sanawalole kutsika mpaka ataphunzira kudumpha.

Akuluakulu muli apa, chinthu chokongola kondani, palibe woletsa. Koma musanachimange pakhosi, yambani mwaona kuti womasula ndani, ndipo ana ake mukuwayang'ana ndi diso lotani.

Yathera pompa nthano yanga. Fukulani mbatatazo, koma muuzire kaye, zikutentha.