Kutsanzika kwa Ndaziona

Panali munthu wina, mphunzitsi wa kwaya, dzina lake a Chimbalanga. Anali wokalamba, miyendo itayamba kumukana. M'kwaya yake munali mtsikana, Ndaziona, amene akakweza mawu malata a tchalitchi ankanjenjemera, mileme n'kusamuka. Ena amati tsiku lina anaswa botolo la palafini ali tsidya la msewu. Ine sindinaone, koma botolo loswekalo anandionetsa.

Sukulu ina yakunja inamva za iye. Inali ya opera, kumene sewero lonse amalichita moimba, popanda maikolofoni, mawu okha n'kudzaza holo. Anati abwere adzamuyese, akapambana aphunzire. Koma fizi ndi ulendo adzionere yekha.

A Chimbalanga anayamba kuyenda khomo ndi khomo. Amayi a mumpingo anasonkha. Anyamata a kabaza anasonkha. Mwini chigayo naye anaponyapo yake, akudandaula. Ya fizi inakwana. Tikiti ya ndege analonjeza Mayi Kaphwiti, mwini malole, koma anali asanapereke.

Tsono munthu suchoka ngati mbala. Amene anakuthandiza umakamutsanzika. Awiriwo anayambanso kuzungulira, ndipo paliponse mawu anali amodzimodzi: "Tatiimbira pang'ono, mwanawe, timve chomwe tagula."

Anaimba pa siteji ya kabaza, fumbi likulowa m'kamwa. Anaimba kuchigayo, akulimbana ndi injini, poti mwiniwake anakana kuzimitsa. Amayi a mumpingo anamubwerezetsa mpaka dzuwa kupendeka. Mawu anayamba kusasa. A Chimbalanga ankamva, ndipo ankadziwa kuti mawu osasa ukawakakamiza amapita osabwerera. Koma anali atatopa ndi kupempha, analibenso mphamvu yokana. Ankangoti, "Kotsiriza aka, mwanangu."

Khomo lomaliza linali la Mayi Kaphwiti. Anapeza tenti, mipando, ndi alendo ovala masuti.

"Aphunzitsi, kaimirire kamtsikanako kaimbe," anatero mayiwo. "Alendo angawa adziwe kumene chuma changa chikupita."

Ndaziona anaimirira atagwira pakhosi. A Chimbalanga anamuyang'ana. Akaimba, mawu atha. Akapanda kuimba, tikiti yapita. Anamukoka mkono, namukhazika pansi.

"Mayi, mawu a mwanayu ndinawaumba ndine. Bwanji mumve kwa mwini wake weniweni?"

Anakonza kolala, natsegula pakamwa. Abale, mawu amene anatuluka pamenepo! Chitseko cha dzimbiri chili ndi ulemu. Agalu anayankhira mpaka kumsika. Mlendo wina anathawa ndi mpando wake womwe. Nkhalamba inaimba ndime zonse, maso ali chitsinzinire, itamaliza n'kuyambiranso.

"Abambo inu, basi!" anakuwa Mayi Kaphwiti atatseka makutu. "Ndakulakwirani chiyani? Tikiti nayi! Tengani, koma mukhale chete!"

Ndaziona ananyamuka ndi timawu tomwe tinatsala, osayankhula mpaka kunjako. Atapuma, mawu anabwerera, ndipo sukuluyo inamulandira. A Chimbalanga anatsala ndi dzina latsopano. Akamadutsa, a kabaza ankati, "Wawa, a Bulu a kwaya, lero muimba kuti, tisadzereko?" Iwo ankangokweza dzanja n'kumapita.

Inu amene mumasonkhera ana a luso kuti akaphunzire, mumachita bwino, ndipo Mulungu akuonjezereni. Koma mbewu ukaipereka kuti ikabzalidwe, suikazinganso kuti ulawe. Perekani, muwasiye apite ndi mawu awo athunthu. Nkhalamba zoti zizidzichititsa manyazi m'malo mwawo zatsala zochepa, ndipo zomwe zilipozo zatopa.