Uthenga wa Asisitere Unathera m'Maluwa

Paja mumati miyambi mumaidziwa, inu ana a masiku ano. Chabwino. Nanga maluwa analowa bwanji m'mwambi wa munthu wotumidwa? Khalani bwino ndikuuzeni. Nkhani yake inachitikira pa sukulu ya mishoni ya Agata Woyera, kuseri kwa phiri la Kalungama.

Kumeneko kunali mayi wina dzina lake Benedeta, koma anthu ankangoti Nankhoma. Mwamuna wake anamwalira n'kumusiyira munda wa mtedza ndi mwana mmodzi, Sesiliya, wa Sitandade 3. Tsono mwanayu anali atasintha. Kale ankachokera kusukulu akuthamanga, nyimbo ili pakamwa. Masiku amenewo ankafika ali wefuwefu, n'kungodziponya pamkeka. Mbatata ankangoiluma kawiri, basi wakhuta. Akamufunsa, yankho linali limodzi: "Ndili bwino, amayi."

Lolemba lina Sesiliya anabwera ndi kalata. Nankhoma sukulu anailekeza asanadziwe kulemba dzina lake, choncho mwana yemweyo ndiye anawerenga.

"Akuti Lachitatu kuli msonkhano wa makolo. Ndiye pansipa Asisitere Pelajiya alembapo ndi bolopeni kuti mubwere inuyo eniake."

"Ineyo? Walakwa chiyani iwe?"

"Palibe, amayi."

Asisitere Pelajiya anali ahedi a sukuluyo, ndipo sankalembera munthu pachabe. Koma mtedza unali wozulazula, uli mbwee m'munda, mbuzi ndi akhwangwala zikuchita phwando. Komanso, tinene zoona, Nankhoma ankaopa buku lija amasainitsa makolo pakhomo la kalasi. Chaka chapitacho anamudinditsa chala amayi anzake akuona, ndipo manyazi ake anali asanathe.

Ndiye anapita kwa mlongo wake, a Atanazio, amalume ake a mwanayo.

"Achimwene, mukandimverereko kusukuluko. Mwanayu ndi wanu yemwe."

"Iwe chemwali, ukudandaula chiyani? Makutu awa ndi a kwaya. Munthu akaphonya nyimbo kumbuyo kwenikweni kwa tchalitchi, ine ndimamumva."

Pano mumvetse. Sabata imeneyo inali yokonzekera chaka cha Thupi ndi Magazi a Ambuye, pamene akhristu amayenda mdipiti kuchoka ku tchalitchi kukafika pabwalo la sukulu. Bambo Mfumu amanyamula Ukaristia, ndipo kutsogolo kwawo kumayenda atsikana ang'onoang'ono ovala zoyera, akuwaza maluwa m'njira. Mphakati uliwonse, ndiko kuti kagulu ka mabanja opemphera limodzi, unkatumiza atsikana ake ndi nsengwa zawo. Mpikisano wake sunkanenedwa poyera, koma unalipo. Ndipo wamkulu wa zokongoletsa mu mphakati wa a Nankhoma anali ndani? A Atanazio omwewo.

Lachitatu msonkhano unachitika. Anakamba za phala la ana, za chimbudzi chogumuka, kenako za mdipiti. Utatha, Asisitere anafunsa ngati mayi a Sesiliya abwera.

"Ndabwera ndine, malume wake."

Asisitere anawatengera mu ofesi. "Bambo, mwana wanu wakomoka kawiri pamzere wa m'mawa. Ndamuyang'ana m'zikope, mwayera ngati pepala. Magazi achepa. Lachisanu kubwera adokotala ku chipatala cha mishoni, mupite naye osalephera. Ndipo Lamulungu asayende mdipiti, akhale pamthunzi."

"Eya, Asisitere. Zoona, Asisitere. Tamva."

Mutu unkagwedera ndithu, koma maso anali pawindo. Panja apo panali mpanda wa maluwa a kunyumba ya masisitere, uli psuu. Mumsonkhano muja a Atanazio anali atamva kuti mphakati wa kutsidya wapempha kale maluwa onsewo. Onse! Nanga iwo akawatenga kuti?

Anakapeza Nankhoma ali m'munda, akuthothola mtedza.

"Kwagwanji, achimwene?"

"Kwagwa zazikulu. Atsidya atilanda maluwa a kwa masisitere."

"Ndikunena za mwana."

"Ndi zomwezo. Mwana aliyense nsengwa yodzaza, diresi loyera, nsapato ngati zilipo. Ndipo chaka chino Sesiliya ndimuika kutsogolo kwenikweni, atsidya aone."

"Basi zokhazo? Asisitere angandilembere ndi dzanja lawo chifukwa cha maluwa?"

A Atanazio anakanda mutu. "Anatchulanso za Lachisanu. Eya, Lachisanu. Ndiye kuti ndi tsiku lothyola maluwa."

Nankhoma anayang'ana mwana wake amene anali pambali pake. Sesiliya anangozyolika. Zokomoka zija ankazibisa dala, poopa kuti amuchotsa pagulu la owaza maluwa, chinthu chimene anachidikira chaka chathunthu.

Lachinayi m'mawa Nankhoma mtima unamukana. Anamanga chitenje chake cha kutchalitchi, n'kuyamba ulendo wa kusukulu. Atafika pamphambano anacheuka, n'kuona mbuzi zisanu zikulowa m'munda. Anabwerera akukuwa. Pomaliza kuzithamangitsa, dzuwa linali litakwera. "Ndipita mawa," anatero.

Mawa lakelo a Atanazio analawirira kudzatenga mwana. Anati kuphiri kuli maluwa achikasu oti atsidya sanawaganizire. Sesiliya sanapite kusukulu tsiku limenelo. Asisitere ataona malo ake ali opanda munthu, anathokoza Mulungu poganiza kuti mwana ali kwa adokotala. Chonsecho mwana anali kukwera phiri, nsengwa ili pamutu. Anabwerako milomo itauma, akupuma ngati nkhuku yothamangitsidwa.

"Sesiliya, tandiuza zoona. Chikukupweteka n'chiyani?"

"Ndangotopa, amayi. Taonani maluwa anga!"

Lamulungu linafika. Misa inatalika, monga mukudziwa misa ya chaka. Potuluka m'tchalitchi dzuwa linali paliwombo. Asisitere anali atatsogola kukakonza guwa pabwalo la sukulu, choncho amene anandandalika atsikana anali a Atanazio. Sesiliya anamuikadi kutsogolo.

Ng'oma zinalira, belu linalira, mdipiti unanyamuka. Nankhoma anali m'gulu la amayi, korona ili m'manja, koma pemphero silinkatuluka. Maso ake anali pa kadiresi koyera kaja. Mwana ankatapa maluwa, kuwaza, kutembenuka, kugwada, kudzuka. Kutapa, kuwaza, kutembenuka, kugwada. Ulendo uliwonse kudzukako kunkachedwerachedwera. Pamlatho anadzandira, mnzake n'kumugwira. Nankhoma anafuna kudutsa, koma amayi a bungwe la mpingo anali atagwirana manja m'mbali mwa njira kuti anthu asasokoneze mzere.

"Mayi, ulemu! Ambuye akudutsa."

"Mwana wanga uyo sali bwino."

"Dikirani tifike."

Anafikadi pachipata cha sukulu. Sesiliya anagwada komaliza, ndipo sanadzukenso. Anangopendekeka, khu! Nsengwa uko, maluwa mbwee pafumbi.

Nankhoma sanadziwe kuti anadutsa bwanji. Anangozindikira mwana ali m'manja mwake, wozizira, maso atatembenuka. Kwaya inasiya nyimbo pakati. Asisitere Pelajiya anabwera akuthamanga, velo ya kumutu ikuuluka.

"Mwanayu akutani pamzere? Mayi, adokotala anati chiyani Lachisanu?"

"Adokotala ake ati, Asisitere?"

Asisitere anayang'ana Nankhoma, kenako anayang'ana a Atanazio amene anaima poteropo, buku la nyimbo lili m'manja.

"Bambo, kunyumba munakanena chiyani?"

A Atanazio anayankha, "Ndinakanena... za maluwa, Asisitere."

Anthu onse anamva. Panalibe woseka.

Bambo Mfumu anaimitsa mwambo, n'kulamula kuti galimoto ya parishi ibwere msanga. Nankhoma anakwera ndi mwana, limodzi ndi Asisitere ndi a Atanazio. Ku chipatala cha mishoni anamwino anangoyang'ana m'manja mwa mwanayo n'kuti apa pakufunika magazi, pitani ku chipatala chachikulu. Ulendo wonsewo Nankhoma anaika khutu pachifuwa cha mwana, kumvetsera ngati kamtima kakugundabe. Msewu unali wa mabampu, ndipo nthawi zina sankamva kanthu.

"Asisitere, wasiya kupuma!"

"Ayi, akupuma. Gwirani apa. Tiyeni tinene Tikuoneni Maria."

Atafika, adokotala anafunsa kuti m'bale woti apereke magazi alipo? A Atanazio anali atakwinya kale mkono wa malaya. Munthu woopa jakisoni ngati mwana, koma tsiku limenelo anagona pabedi n'kutambasula mkono. Nankhoma anakhala pabenchi panja, akuwerenga mapazi a anamwino. Aliyense wotuluka, iye ankaimirira.

Dzuwa litapendeka, namwino wina anamukodola. Sesiliya anali atatsegula maso.

"Amayi, mdipiti watha?"

"Watha, mwanangu."

Adokotala anati akanachedwa pang'ono, bwenzi tikunena zina. Chinamudya magazi chinali malungo obwerezabwereza, matenda oti Lachisanu lija akanangomupatsa mankhwala n'kubwerera kwawo.

Panja a Atanazio anagwada pamaso pa mlongo wawo. "Chemwali, ndinene chiyani ine? Unditukwane."

Nankhoma anapukusa mutu. "Dzukani, achimwene, anthu akuona. Kalata ija inaitana ine. Inu munamva zimene mtima wanu unkafuna. Ndikanapita ndekha, mawu oti magazi sakanandidutsa."

Sesiliya anachira, n'kubwerera kusukulu patatha milungu itatu. Koma nkhani inali itafala kale m'miphakati yonse. Munthu akati, "Inu mukupita kumsonkhano, mukandimverereko," anzake ankamuseka kuti, "Ufuna akakuuze za maluwa?" Mawu aja anayenda, anawoloka mitsinje, mpaka anthu anaiwala za a Atanazio, n'kutsala mwambi wokha:

Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Tanthauzo lake ndi ili, ana inu. Nkhani ikakhala yako, pita wekha ukaimve. Wotumidwa sikuti amakhala woipa mtima ayi, mwina amakukonda kwambiri. Koma amapita ndi nkhawa zake, osati zako, ndipo chimene chamukomera ndicho amabwera nacho. Choncho akakuitanani kwa aphunzitsi, kuchipatala kapena kubwalo, musamati mnzanga akandimverera. Ndipo inu amene mwatumidwa, mukamagwedeza mutu kuti "eya, eya," onetsetsani kuti maso anu sali pawindo.