Belu la Pilira

Mwezi wa Juni ku Chongoni nkhungu imatsika m'phiri m'mamawa ngati nayonso ikufuna kudzaotha moto. M'nkhungu imeneyo ndi mmene Pilira, mwana wa a Anselmo wa zaka zisanu ndi ziwiri, ankazimiririka tsiku ndi tsiku. Ankanyamuka bwinobwino, kope m'manja, koma anzake akamalowa m'kalasi iye anali atathawa kale. Womugwira dzanja ankalumidwa. Chimwalirireni mayi ake, mawu ake anali owerengeka.

A Anselmo anali katswiri pa ulimi wa kachewere, koma pa mwana ankadziwa mankhwala amodzi okha: kanthambi ka pichesi. Mtengo wa kuseri kwa nyumba unatha nthambi zam'munsi, mwana osasintha.

Tsiku lina mphunzitsi wake, mayi Jenifa, anawalondola kudimba.

"Bambo a Pilira, mukudziwa kumene amapita mwanayu?"

"Ndafunsa ndi pakamwa, ndafunsa ndi mkwapulo. Ali duu."

"Ndiye lekani kufunsa. Kapezeni pamene amakhala, mukangokhala naye."

"Ndisiye kuthirira ndizikakhala pansi ngati nkhuku yofungatira? Ife anatilera ndi mkwapulo, ndipo taonani ndife anthu."

M'mawa mwake anamunyamula paphewa mpaka pakhomo la kalasi, akupalapata. Atangotembenuka, mwana anadumphira pazenera. Anapezeka madzulo ndi amayi otola nkhuni, atanyowa ndi mame, akunjenjemera, ndipo anagona masiku atatu ndi chifuwa.

Nkhani ili ndi miyendo. Inakafika ku Linthipe kwa a Zikhalo, mlongo wa malemu, ndipo anabwera osamwetulira.

"Alamu, mwanayu ndi wa kwathu, mukudziwa. Mwezi uno ukatha zinthu zili chonchi, ndidzamutenga."

A Anselmo anachita mantha enieni. Nyumba yopanda mkazi anali ataizolowera movutikira, koma yopandanso Pilira sakanaitha.

Pilira atachira, bambo ake anamutsatira chapatali, manja opanda kanthu. Kanjira kanadutsa m'minda yokolola kale, n'kukwera mpaka m'mphepete mwa nkhalango, pamwala waukulu pamene mayi ake ankatulira mtolo wa nkhuni popuma. Mwana anakhala pamwalapo. Iwo anakhala cha kunsi. Mawu okalipa anawafika pakhosi kangapo, koma anawameza.

Anabweranso mawa lake, ndi mkuja. Kachewere ankafota kudimba, anthu ankati mkuluyu mutu wayamba kusokonekera. Koma pamwala paja nthawi inkayenda mwina. Nkhungu inkadutsa pakati pa mitengo mwakachetechete, kubisa mudzi, kuuonetsa, kuubisanso. A Anselmo, amene anabadwira pomwepo, anadabwa kuona kuti sanayambe akhalapo pansi n'kuyang'ana phiri lawo. Tsiku lachinayi anabweretsa mbatata yootcha, naika pakati pawo. Inadyedwa. Tsiku lachisanu ndi chimodzi Pilira anatsika yekha n'kutsamira mwendo wawo.

M'mawa umenewo nkhungu inali yochindikala moti dziko lonse linatsala mwala, bambo ndi mwana. Kenako kuchokera kumunsi kunamveka kulira kwa chitsulo cha kusukulu, chapansipansi. Pilira anatseka makutu.

"Ababa," anatero monong'ona, "wamwalira ndani lero?"

"Palibe, mwana wanga. Ndi belu la sukulu lija."

"La amayi kutchalitchi linkalira chonchi. Ndimathawa kuti ndisamve akunena kuti ndi inu."

A Anselmo analira, kulira kumene sanalire ngakhale kumanda. Miyezi inayi yonse ankakwapula mwana amene ankangoopa kuwataya iwo. Anamufunditsa jekete lawo, nanena mawu amene abambo ambiri amafa nawo m'kamwa: "Ndinakulakwira. Ndikhululukire."

Mayi Jenifa atamva, sananene kuti ndinakuuzani. Sabata yoyamba analola Pilira kumafika belu litalira kale. Yachiwiri anamuimika pafupi ndi chitsulocho, bambo ake atamugwira phewa. Kenako anamupatsa kachitsulo komenyera.

"Menya wekha, uone ngati pafe munthu."

Anamenya kamodzi, n'kucheuka msanga kuyang'ana bambo ake. Anali chiimire, amoyo, akumwetulira. Anamenyanso, mwamphamvu.

Sikuti zonse zinatha pomwepo. Masiku ena ankadzuka atakwinya nkhope, ndipo panali mnzake wina amene analawabe mano. Koma mwezi utatha a Zikhalo anabwera monga ananenera, ndi chikwama choti alongedzeremo zovala.

"Pilira, konzeka. Tikupita ku Linthipe."

Mwana anagwira chala cha bambo ake.

"Amalume, sindingathe. Mawa woimba belu ndi ine, ndiye ababa amafuna kumva ali kudimba."

A Zikhalo anayang'ana mwana, anayang'ana mlamu wawo, napinda chikwama chija n'kuchiika kukhwapa. Anabwerera okha.

Akuluakulu sananame: kuona maso a nkhono n'kudekha.