Ntchewe ya a Gordon

Febby ankasankha timiyala mumpunga pakhonde pamene Towera, mnansi wake, analowa pampanda ali wefuwefu. "Anyina Tionge, Kaye waluma mwana wanu patsaya. Dovu lili chuchuchu kukamwa kwake."

Kaye anali galu wawo. Bambo wake anali chigalu chachizungu cha alonda a kumgodi wa Kayelekera, mayi wake galu wamba wa m'mudzi. Kwa bambo anatengera ubweya wambiri, moti dzuwa la ku Karonga linkamusowetsa mtendere, nkhupakupa zili mbwee m'khosi. Kwa mayi anatengera miyendo yosakhala pakhomo. Koma kwa ana anali nkhosa, Tionge ankachita kumukwera pamsana. Womusambitsa, womuzula nkhupakupa ndi womuphikira gaga wa usipa anali Febby. Mwamuna wake, a Gordon, kalaliki wochokera ku Dedza, ntchito yawo inali kudzitama naye.

Itafika nyengo ya katemera wa chiwewe, Towera anawauza a Gordon, anzawo akuntchito ali pomwepo, kuti ntchewe zonse zikabayidwe kudibi. Kuno ntchewe ndi galu, ndipo a Gordon ankadziwa bwino. Koma anzawo aja anafa nacho chiseko, wina n'kuti, "Mwamva, a Mchewa? Kaimeni pamzere." Mawuwo anawabaya kuposa jakisoni. Analumbira kuti Kaye sakapondako, ati magazi achizungu ndi achikuda akasakanikirana matenda amathawa okha. Febby atati apite naye yekha, anamubisira unyolo.

Tsiku la kulumidwalo Towera anati atsuke bala ndi sopo, kenako athamangire kuchipatala dzuwa lisanalowe. A Gordon anayang'ana tsaya la mwana, nati ndi kukanda chabe, galu amasewera.

"Bambo a Tionge, galu wosewera sathawa madzi," anatero Febby.

"Mayi uyu anandichititsa manyazi pagulu. Lero azilamulanso m'nyumba mwanga?"

Febby anali atatopa ndi mikangano. Anatsuka balalo, za kuchipatala n'kuzisiya. Kaye anathawira kutchire, anthu anakamuphera komweko. Bala linapola bwinobwino, a Gordon n'kumati mwaona.

Mwezi usanathe Tionge anatentha thupi. Akamupatsa kapu ya madzi ankanjenjemera, khosi n'kumangika, chonsecho akulira ludzu. Kuchipatala namwino anangofunsa kuti anali kuti masiku onsewa. Mwanayo anamwalira, anakamuika ku Dedza.

Atabwerako, a Gordon ankangokhala kuseri kwa nyumba, unyolo uja uli pamiyendo. Febby anatulutsa lichero, popeza amoyo ayenera kudya. Towera anabwera n'kukhala pambali pake, osatchula za dibi kapena za sopo. Febby anatola kamwala kamodzi, kachiwiri, kenako maso anadzaza misozi, mwala ndi mpunga zonse zinafanana. Anasiya lichero pamiyendo, dzanja lili mumpungamo. Akuluakulu sananame: wakutsina khutu ndi mnansi.